Jombo za Mzere Wachikasu

Vailet anali kuseri kwa nyumba akutsuka m'kamwa pamene chinthu china chinagunda chitseko, phuu! Anathamangira kukhonde madzi akadali m'masaya. Pamatope panali jombo imodzi yakuda ya mzere wachikasu m'mbali, ndipo anaizindikira asanaitole n'komwe. Inali imodzi mwa jombo zimene iye mwini anapatsa bwenzi lake Gervazio mwezi wathawo.

"Tola ufiti wakowo!"

Wokuwayo anali Bertha, mchemwali wake wamkulu wa Gervazio. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Chirimba, matope mpaka m'mawondo, koma mtunda wonsewo sunamuphwetse mkwiyo. Anthu a ku Mbayani sachita kuitanidwa pakakhala mkangano. Vailet asanalavule madzi aja, amayi a ndowa pamutu anali ataima kale m'kanjira, ena atatula n'kutula.

"Alamu, kwagwanji?"

"Mlamu wako ndani? Nkhabe! Ine ndilibe mlamu mfiti. Mlongo wanga ali gone kuchipatala kwanu komweko, mwendo wothyoka, dzanja lopsa. Magetsi amugwira dzulo ku Limbe atavala zimenezi. Unazithira chiyani?"

Gervazio ankagwira ntchito ya magetsi pa fakitale ina ya fodya ku Limbe. Anali Msena wa ku Port Herald, wamtali, wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kupsa mtima. Chikole anali atapereka kale pamaso pa amalume ake a Vailet, mpango wofiira wa silika, ndipo ankhoswe ankayembekeza kukumana mvula ikatha. Bertha yekha ndiye sanaufune ukwatiwo chiyambire. Ankati kwawo mkazi amalowoledwa n'kutsata mwamuna, tsono mlongo wake akatengeko chiyani kwa Alomwe a kwa Vailet, kumene mwamuna amakamanga pakhomo pa apongozi ngati wosowa kwawo? M'mawa umenewo anali atapeza ndodo imene ankaifuna.

"Ndi jombo chabe, alamu. Ndinawapatsa kuti ziziwateteza pantchito. Mphira imatchinga magetsi, aliyense amadziwa."

"Aliyense amadziwa! Nanga zakozi zalekeranji kutchinga? Anzake amavala zamphira chaka ndi chaka, palibe wagwapo. Iye wangovala zako, khu, pansi! Tamvera, mtsikana iwe. Lero dzuwa lisanalowe ndikufuna mpango uja. Ukaubweze kuchipatala, mwini wake akuona."

Anachoka akutukwana m'Chisena, ndipo amayi a ndowa aja anasenzanso mosafulumira, nkhani ya tsiku lonse ataipeza.

* * *

Vailet ankathandiza anamwino kuwodi ya ana pa chipatala cha boma chomwecho, koma dzulo lake linali tsiku lake lopuma. Sanavale n'komwe yunifolomu. Anakulunga jombo ija m'chitenje, n'kuthamangira kuwodi ya amuna.

Gervazio anali pabedi la pakona, mwendo uli m'chikhakha, dzanja lamanja atalikulunga mpaka m'chigongono. M'mphepete mwa bedilo munakhala Zione, kapu ya tiyi ili m'manja. Zione anali mtsikana wa kwawo amene Bertha anamuitanitsa kuti azimuthandiza kulera ana, ngakhale Chirimba yense ankadziwa kuti ana a Bertha ndi akuluakulu. Vailet atamuona akuuzira tiyi wa mwamuna wake, nsanje inamubaya kuposa mantha.

"A Gervazio, mwadzuka bwanji?"

"Monga mukuoneramu." Sanamuyang'ane. "Zione, katsuke kapuyo."

"Tiyi simunamalize."

"Katsuke."

Zione anadzuka pang'onopang'ono, koma sanapite patali. Anakaima kuseri kwa chitseko.

"Denga linkadontha," Gervazio anayamba, mawu ali pansipansi ngati mphika woti utsala pang'ono kusefukira. "Mzungu anati makina asaime. Ifenso tinazolowera, timagwira waya moto uli momwemo, bola taponda pamphira, nyesi imasowa njira yopitira pansi. Ndinasiya chopondapo changa cha mphira m'bokosi. Ndinakwera pansanja yachitsulo ndikuimba mluzu, chitsiru ine, ndikuti ndavala jombo za mkazi wanga. Nditangokhudza wayayo zinandikutumula, ndinadzazindikira ndili pasimenti."

"Pepani, pepani ndithu. Ine sindimadziwa..."

"Injiniya anatenga jombo imodzi n'kuimangirira ku kachipangizo kake koyezera kaja, kopukusa. Kamuvi kake kanapendekera kumene kamapita akayeza chinthu chodutsa magetsi. Anandifunsa kuti, ‘Iwe, wakupatsa izi akufuna kukupha?’ Tsono ndiuzeni, Vailet. Munati munagula kwa Mmwenye ku Limbe. Sitolo yake iti? Ndikadzuka pano ndikamudyetsa jomboyo."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Vailet sanagule kwa Mmwenye aliyense. Ankafuna kuti naye aoneke kuti wapereka kanthu kolemera kwa mwamuna amene anamuveka silika, ndiye ananama kabodza kakang'ono, ka mtundu umene atsikana amanama tsiku ndi tsiku popanda wothyoka mwendo.

"Sindinagule," anatero.

"Mwati?"

"Anandipatsa a Chester. Anati ndi zotha ntchito, zokataya."

Chester anali kalaliki wosunga katundu wa chipatalacho, munthu wa tayi ndi njinga yonyezimira, amene anamufunsirapo Vailet n'kukanidwa, n'kufunsiranso. Gervazio ankamudziwa bwino. Anayesa kudzuka, chikhakha chinamubweza, ndipo odwala a m'mabedi oyandikana anatembenuka onse.

"Chester! Ndiye mwezi wonsewu ndakhala ndikunyada m'misewu ya Limbe nditavala mphatso ya chibwenzi chanu?"

"Si chibwenzi changa!"

"Mwamuna sapatsa mkazi chinthu chaulere. Munamupatsa chiyani inu?"

Vailet anali atabwera kudzalira, koma funso limenelo linaumitsa misozi yake pomwepo. Anapsa mtima.

"Mundifunse ngati munthu, a Gervazio! Ndinakadzichepetsa kwa munthu amene ndimanyansidwa naye chifukwa cha mapazi anuwo. Munkabwera kwathu nsapato zili pululu, zala zikusuzumira kunja, mukundiuza za anzanu amene magetsi anawapha. Ndikanatani? Ndinanama, inde, zimenezo ndavomera. Koma musandiyese hule pamaso pa anthu."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero Zione kuseri kwa chitseko, ngati akudzilankhulira yekha.

"Iwe, tseka pakamwa!" anakuwa Vailet. "Wabwera liti m'tauni muno kuti uzindiphera miyambi?"

"Tulukani," anatero Gervazio.

"Mukuuza ine kapena uyu?"

"Inu. Zimene wakuuzani Bertha mukachite."

* * *

Vailet sanapite kunyumba. Analunjika ku fiyeta, kumene amachitira maopareshoni, nakapeza Sisitala Joan akuvula magolovesi. Sisitala Joan anaphunzira unamwino ku Bulawayo, ndipo ngakhale madokotala achizungu ankasamala polankhula naye. Atangoona chimene chinali m'chitenje muja, nkhope yake inasintha.

"Waitenga kuti iyi? Ndakhala ndikusaka jombo zimenezi, ndakalipira anthu osalakwa!"

Vailet anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Sisitala anamumvetsera atagwira m'chiuno, kenako anakoka jomboyo n'kumulozera mzere wachikasu uja.

"Ukuona ichi? Ukuganiza kuti ndi chokongoletsa? Muno timagonetsa odwala ndi mpweya woyaka msanga kuposa palafini. Munthu akamayenda, nsalu zikukhulana, thupi limasonkhanitsa timagetsi, tija timathetheka ukamavula juzi m'chilimwe. Kamoto kamodzi kotere kakathetheka pafupi ndi mpweya uja, chipinda chonse chaphulika, wodwala ndi ife tomwe. N'chifukwa chake jombo za muno anazipanga dala kuti zizitaya magetsi pansi."

"Koma ndi mphira, Sisitala."

"Mphira yosakaniza ndi mwaye, mwana iwe! Mwaye weniweni, wosalala ngati ufa. Mphira payokha imatchinga magetsi, koma mwaye umawadutsitsa. Akathira wochepa, timibulu take timatalikirana ndipo magetsi sadutsa. Akathira wambiri, timagundana n'kupanga njira. Umawoloka bwanji mtsinje wa Mudi madzi akadzaza? Miyala ikatalikirana umabwerera, ikayandikana umangodumpha mpaka tsidya. Jombo iyi miyala yake ndi yoyandikana. Ikanyowa, munthu n'kuipondereza pachitsulo, ndiye njira yatseguka. Bwenzi lakolo lithokoze Mulungu kuti langothyoka mwendo."

Vailet anatsamira khoma.

"A Chester amadziwa zimenezi?"

"Chester? Ndinamukhazika pansi ndekha katunduyu atangofika. Ndinamuuza kuti cha mzere wachikasu chisatuluke muno, ndipo asayerekeze kupatsa amene amakonza magetsi pachipatala pano. Anagwedeza mutu mpaka tayi inavina. Zotha ntchito zotani? Jombozi zinasowa muno zisanavalidwe ngakhale mwezi."

"Ndiye mukanene zimenezo kwa a Gervazio, chonde!"

"Za mwaye ndinganene kwa aliyense. Koma kuti ndani anapatsa ndani, ine sindinaone. Chimene ndikuona ndi katundu wa boma la Chitaganya ali m'chitenje chako. Ukudziwa kuti masiku ano apolisi sakuseka ndi munthu? Jombo inzakeyo ili ndi chidindo pansi. Ngati mzungu wa ku fakitale ali ndi maso, wayamba kale kufunsa."

* * *

Chester anamupeza pakhomo la nyumba yosungira katundu, akupukuta sipoko za njinga yake ndi kansanza. Atamuona Vailet anamwetulira, mano ali mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Aa, a Vailet! Ndamva za ngozi ya amuna anu. Very sorry."

"Mumadziwa."

"Ndimadziwa chiyani?"

"Ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa kuti ndikufunira munthu wa magetsi. Munalowa m'katimo, munadutsa jombo zina zonse, munasankha za mzere wachikasu. Munati, ‘Izi ndiye zolimba, akavala sadzafunanso zina.’ Mumafuna afe!"

"Tsitsani mawu, mayi."

"Sinditsitsa! Njoka iwe! Ndinakukana masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye unati ukandiphere mwamuna ndi manja anga omwe?"

Chester anapinda kansanza kaja bwinobwino n'kukaika pansi pa chishalo. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima Vailet koposa.

"Alipo anationa ndikukupatsani? Palibe. Alipo anakuonani mukutuluka pageti ndi phukusi? Alonda awiri. Ine ndine kalaliki wa boma, ndili ndi satifiketi. Inu mumatsuka matewera. Mukuganiza kuti bwana amvera ndani?"

"Mulungu anaona."

"Mulungu sabwera kukhoti. Tamverani, Vailet, ine si munthu woipa. Apolisi afika kale kuofesi m'mawa uno ndi jombo inayo. Ndinganene kuti zinali zokataya, ndinalakwitsa ndine, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma munthu sadzipaka matope chifukwa cha mkazi wa mwini. Akakhala mkazi wanga, imeneyo ndi nkhani ina. Msena uja wakukanani kale, wodi yonse yamva. Mutsalira chiyani?"

Vailet anayang'ana uku ndi uku kufuna chomugenda nacho. Posowa mwala, anakankha njinga ija ndi phazi, ndipo njingayo inagwera m'ngalande ya madzi akuda, belu likulira lokha.

"Ndikwatiwe ndi iwe? Bola ndikafere kundende."

"Mwasankha nokha," anatero Chester, akuyang'ana njinga yake. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

* * *

Madzulo, nthawi yoona odwala, mvula inayambanso. Vailet anafika atanyowa, mpango wofiira uli m'thumba la diresi. Njira yonse kuchokera ku Mbayani ankakonza mawu oti akamuuze Gervazio: za mwaye, za mzere wachikasu, za Chester. Ankati akamva zimenezi, mpangowo ubwerera kunyumba.

Koma pabedi paja panali anthu. Bertha anakhala kumutu, Zione kumiyendo, ndipo pakati panaima wapolisi wa kabudula wokhuthala, jombo inzake ija ataikolekera m'khwapa.

"Ndikufunsanso," wapolisiyo ankanena. "Jombo iyi ili ndi chidindo cha boma. Inatuluka m'chipatala muno popanda chilolezo. Kalaliki akuti ndi yobedwa. Unaipeza bwanji?"

Bertha atamuona Vailet, maso ake anawala. "Bwana, wakuba ndi uyo walowayo! Mufunseni!"

"Bertha, khala chete," anatero Gervazio. Anayang'ana kudenga. "Ndinatenga ndekha, bwana. Ndinabwera kuno kudzaona mnzanga wodwala, ndinapeza jombo zili pakhonde, ndinaziika m'chikwama. Palibe anandipatsa."

"Ukudziwa kuti umenewo ndi mlandu wa ndende? Ndipo ntchito yako yatha?"

"Ndikudziwa."

Bertha anagwira kumutu n'kuyamba kulira mokuwa. Vailet anaima ngati wamenyedwa ndi chibakera pachifuwa. Munthu yemwe uja anamuthamangitsa m'mawa ngati galu, tsopano ankadziponya m'dzenje kuti iye asagweremo. Anamukonda pamenepo kuposa tsiku la chikole, komanso anamukwiyira kwambiri, chifukwa sanamufunse ngati akufuna kupulumutsidwa mwa njira yotere.

Anatulutsa mpango uja, n'kuukutumula, n'kuumanga kumutu pamaso pa onse. Anaumanga mfundo yolimba.

"Bwana, akunama. Jombozo ndinawapatsa ndine. Dzina langa ndi Vailet, ndimagwira kuwodi ya ana, ndipo awa ndi amuna anga opereka chikole ichi. Amene anazitulutsa m'nyumba ya katundu ndi a Chester, ndipo amadziwa kuti..."

"Mayi uyu ndani kwa iwe?" wapolisi anafunsa Gervazio.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo Gervazio anamuyang'ana Vailet m'maso. Sanachedwepo. Anatembenukira kwa wapolisi n'kukweza mawu kuti wodi yonse imve.

"Si kanthu kwa ine. Ndinamukana m'mawa, anthu onsewa ndi mboni. Akungofuna kuti ndimumvere chisoni ndimubwerere, n'chifukwa chake akudzipachika milandu ya eni. Musalembe za wamisala, bwana."

"A Gervazio!"

"Bertha, tenga mpango wanga."

Bertha sanadikire kuuzidwa kawiri. Misozi ikadali m'masaya, anadumpha n'kugwira mpangowo kumbuyo. Mfundo inakana, ndiye anakoka ndi tsitsi lomwe mpaka unavuka. Vailet anatsala mutu uli pamtunda, tsitsi lili nyankhalala, amuna a m'mabedi onse akumuyang'ana. Wina kumapeto kwa wodi anaseka.

"Ndi zoona, bwana, anamukana," anatero nkhalamba ya pabedi loyandikana, poganiza kuti ikuthandiza. "Tinamva tonse."

Wapolisi anagwedeza mutu. "Nkhani za akazi ine ayi. Iwe, ukangochotsa chikhakhacho tidzakutenga. Usayese kuthawa."

"Ndithawa ndi mwendo uti?"

Wapolisi atatuluka, Vailet anasendera pafupi ndi bedi. Mawu ake anali okwiya, koma otsika.

"Mukudziwa chimene mwachita? Mwamasula Chester. Anasankha jombozo dala, Sisitala Joan anamuuza kuti zimadutsa magetsi. Amafuna mufe, ndipo inu mwamuchotsera mlandu ndi pakamwa panu."

Gervazio anatsinzina. Dzanja lake labwino lija linagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu mpaka bedilo linanjenjemera, ndipo msozi unatsikira kukhutu. Vailet anauona. Bertha nayenso anauona, n'chifukwa chake anafulumira kuima pakati pawo.

"Wamva zimene wanena mwini wake. Chikole chabwezedwa, mboni zilipo. Choka."

Anapinda mpango wofiira uja kawiri n'kuuika pamiyendo pa Zione. Zione anausisita ndi chikhatho, akumva kusalala kwa silika.

"Gervazio," anatero Vailet, ulemu wa "a" atausiya, "tsegula maso unene kuti usaperekedwe kwa uyu."

Gervazio sanatsegule maso. Wapolisi anali akadali pakhonde, akudikira kuti mvula ikate, ndipo mawu alionse a muwodimo ankamveka panja.

Vailet anatuluka mutu uli pamtunda. Pamasitepe, pafupi ndi wapolisi uja, panaima Chester, tayi yake yowongoka bwino, akumuyatsira wapolisiyo ndudu. Atamuona Vailet anatambasula ambulera yake yakuda n'kuipendeketsera mbali imodzi, kusiya malo a munthu wachiwiri.

"Mvulayi siikata msanga, mayi," anatero. "Ndipo ndaona kuti mulibe chofunda kumutu."